Ankhoswe a M'mgolo

M'mawa umene eni ake anabwera kudzatenga mipando yobwereka ya pamaliro, tenti itapasulidwa, kapinga wa pabwalo atagona chifukwa cha mapazi a anthu, achibale akutali atatsanzika mmodzimmodzi mpaka nyumba inayamba kumveka kukula kwake, Chisamba anaima kuseri kwa nyumba ya malemu bambo ake, manja ali m'thumba, akuyang'ana phiri loyera limene mkuluyo anawasiyira.

Silinali phiri la miyala ayi. Linali la zoyera zopepuka zija amatchingira nazo mafiriji ndi mawailesi a kanema m'makatoni, mabokosi osweka a ogulitsa nsomba, ndi timbale tonyamulira chakudya, zonse zokutidwa ndi maukonde akale kuti mphepo isaziulutse. M'mabuku amazitcha polisitirini, koma mkuluyo ankangoti thovu louma. Anthu a m'deralo, poyamba mowaseka, pambuyo pake mowalemekeza, anawapatsa dzina loti a Thovu. Pamaliro ngakhale abusa lilime linawaterereka, natchula dzina lomwelo m'pemphero, ndipo anthu anaseka misozi ili m'maso.

"Mukuliyeza ndi maso kuti lichepe, achimwene?"

Anali mlongo wake, womaliza kubadwa. Bambo awo sankaitana ana awiriwa ndi maina a m'kaundula: woyamba anali Chisamba, wotsiriza anali Mzime, ndipo mainawa anawakakamira mpaka imvi. Mzime ankasoka zovala pafupi ndi msika, nakhala kufupi ndi makolo. Chisamba ankagwira ntchito mu mzinda wakutali, ndipo kwawo ankafikako ngati mvula ya chilimwe.

"Ndikuliyeza kuti lifuna machesi angati," anayankha Chisamba. "Ndapeza kuti kamtengo kamodzi kakwana."

"Kanenereni amayi mawu amenewo, ndione ngati mutuluke ndi makutu onse awiri."

"Iwe Mzime, tamvera. Ine tchuthi changa chikutha. Amayi ndiwatenga, sangakhale okha muno. Nyumba tiikamo munthu woisamala, ndipo palibe munthu wanzeru angalowe pakhomo pokhala ndi dzala ngati ili. Kapena ulisoka likhale madiresi?"

Mzime sanaseke. Anangoyang'ana kukashedi ka malata kamene kanali kumapeto kwa mpanda, chitseko chake chili chotseka chitsekerecho kuyambira tsiku limene bambo awo anagonekedwa m'chipatala.

Pa unyamata wawo a Thovu ankagwira ntchito m'fakitale yopanga thovu lomwelo, m'chipinda choyezera mankhwala. Zodukaduka ndi zokanika zinkatayidwa m'dzenje kuseri kwa fakitale, ndipo amene ankatumidwa kukayang'anira kuotcha kwake anali iwo. Utsi wake unali wakuda bii, wamwaye wonga ulusi, wotsika pa zovala zoyanikidwa ndi m'zifuwa za ana. Atapuma pantchito, anzawo akugula mipando ya ndakhuta ndi kuweta nkhunda, iwo anamanga ng'anjo ya njerwa, naikapo mgolo wachitsulo wokhala ndi chivindikiro chomanga ndi mabawuti. Kuchokera pa chivindikirocho paipi inkadutsa m'thanki ya madzi ozizira n'kukathera pakamwa pa botolo. Thovu ankayamba alifewetsa ndi kutentha pang'ono mpaka litanyala n'kukhala mibulu yolimba, chifukwa, monga ankanenera, thovu lili ngati munthu wodzitama: ukachotsa mpweya, chotsala chimakwana m'dzanja. Mibuluyo ankaitsekera mumgolo mopanda mpweya kuti isayake koma iphwanyike ndi kutentha, ndipo kumapeto kwa paipi kunkadontha mafuta onga uchi wamadzimadzi, amene a fakitale ya penti ankabwera kudzatenga.

Koma moto wa ng'anjo ya njerwa sukanatha ntchitoyo pawokha. Mumgolomo ankathiramo ufa wotuwa, wa dongo lootcha losakaniza ndi mankhwala ena oyera, umene anaupeza atayesa ndi kulephera zaka zambiri. Ndi ufawo thovu linkagonja pamoto wochepa, mafuta n'kutuluka oyera. Popanda ufawo munkangotsala phula lonunkha. Ufa umenewu ankautcha ankhoswe.

"Moto ndi thovu paokha samvana," ankatero. "Pafunika wachitatu wokhala pakati."

Chisamba sanalowepo m'kashedimo ngakhale kamodzi. Chifuwa cha bambo ake chitayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri, iye anaimba mlandu mgolowo, ndipo mafoni awo ambiri ankathera pa mawu okuluwika. Tsiku lina, atatopa ndi kukangana, anawatumizira chophimba kumphuno cha anthu ogwira ntchito ya mankhwala, popanda ndi moni yemwe. Sanafunsepo ngati chinafika.

M'mawawo, atalowa m'nyumba, Chisamba anawapeza amayi ake m'chipinda chochezera, atakhala pamphasa ngakhale mipando inalipo, akupinda malaya a malemuwo mmodzi ndi mmodzi ngati akuopa kuwadzutsa. Mkazi wa Chisamba anali pambali pawo, akudzola mafuta m'manja mwake mmene munali mutang'ambika ndi ntchito ya pamaliro. Chisamba anagwada pang'ono, nakhala pansi, nafotokoza maganizo ake mofatsa monga anawakonzera. Mayiwo anamvetsera mpaka anamaliza.

"Kupita ndipita, mwanawe," anatero. "Nyumba yopanda bambo ako yandikulira ngati chovala chobwereka. Koma thovu lija silipsa."

"Amayi, ndi zinyalala."

"Zinali zinyalala zisanalowe pachipata. Zitalowa zinasanduka mawu a bambo ako. Ukudziwa mmene zinabwerera? Amayi a nsomba aja ankaotcha mabokosi awo kuseri kwa msika madzulo alionse. Bambo ako anapita kukawapempha, chipewa chili m'manja, munthu wamkulu ndi imvi zake. Anawauza kuti, musaotche, bweretsani kwa ine, ndikulonjezani kuti utsi wake sudzakwera kumwamba. Anthu aja ankasenza pamutu, ena panjinga, kudutsa dzala la pafupi, kubwera kuno. Pamaliro unawaona, anakhala kumbuyo kwenikweni. Ndiye mawa aone utsi wakuda ukufuka pakhomo pa a Thovu, dothi la pamanda lisanaume?"

"Mawu amenewo ndi amene awapha, amayi!" Liwu la Chisamba linakwera iye asanalilole. "Mgolo uja ndi umene wadya mapapo awo. Ndinanena, ndinanenanso, palibe anandimva. Lero ndikhale pansi ndiziusamala ngati m'bale wanga?"

Mayiwo anasalaza kolala ya malaya ndi chikhatho.

"Chifuwa chija anachitenga kudzenje la kufakitale, iwe uli kumsana kwanga. Ankabwera malovu ali akuda. Madokotala ananena, iwe sunafune kumva, chifukwa dzenje sungalikalipire koma bambo ako ukanatha. Iwo ankati, ndinalidetsa thambo zaka zambiri, ndisafe ndisanalipepese." Anaika malayawo pamulu. "Ndiwe mwamuna wa pakhomo pano tsopano, machesi ali pawindo la kukhitchini. Koma ukaotcha, upite wekha ndi mkazi wako. Ine nditsala ndi phulusa."

Mzime, amene anali ataima pakhomo, analowererapo msanga.

"Ine moto wa ng'anjo ndimautha, ndinkawathandiza Loweruka. Mibulu yambiri anaisiya atanyalitsa kale. Tikagwirana manja, phiri lija si lalikulu monga lionekera. Chongofunika ndi ankhoswe, ndipo ali m'chitini chachikulu cha mkaka pa shelefu ya m'kashedi."

Mkazi wa Chisamba analeka kudzola mafuta.

"Chitini cha mkaka, alamu? Chachivindikiro chobiriwira?"

"Chomwecho."

"Mayo ine!" Anagwira pakamwa. "Si phulusa limene lija? Tsiku la maliro sopo anatha, miphika ili mbwee, yakuda ndi moto wa nkhuni. Ndinazungulira kuseri kufuna phulusa, ndinasuzumira pawindo la kashedi, ndinaona chitini chodzaza phulusa losefa bwino, n'kuchitulutsira pawindo pomwepo. Ndinati apongozi anali munthu waudongo, mpaka phulusa kulisunga m'chitini. Tinakwechera miphika yonse. Amayi a kumpingo anachita kulimbirana, akuti sanaonepo phulusa lowalitsa chotero."

Anatambasula manja ake ong'ambikawo, nawayang'ana ngati a munthu wina, kenako anayamba kulira.

Ndiye mayiwo anatulutsa kaphokoso kamene sikanadziwike ngati n'kuseka kapena kulira, nakoka mpongozi wawo n'kumugoneka pachifuwa.

"Tonthola, mwana wanga. Ndiye kuti apongozi ako anatsuka okha miphika ya pamaliro awo. Ndi khalidwe lawo limenelo, sankafuna kusiyira anthu ntchito."

"Kasakanizidwe kake ukukadziwa?" Chisamba anafunsa mlongo wake.

Mzime anapukusa mutu. "Kanali m'mutu mwawo ndi m'zala zawo. Ndikafunsa ankati, ukadzatopa ndi singano ndidzakuphunzitsa. Ndinkayesa nthawi ilipo."

"Basitu," anatero Chisamba, naimirira. "Nkhani yadzithera yokha. Si ine ndaithetsa."

Anadutsira kukhitchini, natenga machesi ndi botolo la parafini. Palibe anamutsatira. Kunja dzuwa linali litakwera, phiri lija likuthobwa m'maso. Anamasula ukonde mbali imodzi, ndipo timibulu toyera tinagubuduka n'kumamatira ku thalauza lake ngati ana opempha kunyamulidwa. Anatsegula botolo. Anatulutsa kamtengo ka machesi.

Ndipo anazindikira kuti dzanja lake lamanja lili m'mwamba, chala chamkombaphala chili chonyowa ndi malovu, chikufunsa mphepo kumene ikupita.

Sanachite kuganiza. Ndi mmene bambo ake ankachitira asanayatse moto ulionse, ngakhale wa zinyalala za masamba, ngakhale wa mbaula, Chisamba ali kamnyamata kogwira mwendo wa thalauza lawo. Chala chinazizira mbali ya kum'mawa. Mphepo inkapita kumadzulo, kudumpha mpanda, kumene mayi wina wachitsikana anali kuyanika matewera pachingwe, khanda lili kumsana. Mayiyo atamuona anaweramitsa mutu mwaulemu.

"Pepanitu ndi zovutazi, achimwene. Agogo aja ankatiuza tikamayanika kuti, yanikani mtima uli m'malo, kwanga kuno sikudzachokera mwaye."

Chisamba anavomera ndi mutu. Anabweza kamtengo m'bokosi, natseka botolo, naima pomwepo nthawi yaitali, wokwiya ndi mphepo, wokwiya ndi chala chake, wokwiya ndi munthu amene anapita osamusiyira mpata womaliza mkangano.

Mkwiyo umafuna chogwira. Anapita kukashedi, nakankha chitseko ndi phewa. Ngati thovu silipsa, mgolo wokhawo autulutse, aupereke kwa ogula zitsulo zakale, asadzauonenso. M'katimo munali fungo lotsekemera moipa, losakanikirana ndi fungo la sopo wa bambo ake. Masipanala anali pakhoma motsatana ukulu wake. Pamsomali wa pafupi ndi chitseko panapachikidwa chophimba kumphuno chija anatumiza. Mphira wake unali utayera ndi thukuta, ndipo lamba wake, amene anaduka, anali wosokedwa ndi ulusi wakuda, masokedwe okhotakhota a munthu wosazolowera singano. Chisamba anachigwira, nachisiya msanga ngati chotentha.

Anamasula mabawuti a chivindikiro mwaukali mpaka khungu la pachala linasupuka. Pansi m'kati mwa mgolomo munali chikhakha chakuda, chouma, chong'ambikang'ambika ngati matope a m'dambo m'chilimwe. Anatenga fosholo yaing'ono kuti achipale akataye, mgolo upepuke. Chitsulo chitangokhudza chikhakhacho, chinafumbutuka, ndipo m'kati mwa kudako munaoneka kutuwa.

Anaima, fosholo ili m'manja.

Panali chaka china pamene banja lake linafika pamphepete. Mkazi wake anali atamanga katundu, iye atatseka mtima, ankhoswe enieni atalephera n'kubwerera. Bambo ake anakwera basi ulendo wautaliwo osaitanidwa, nakhala pampando pakati pa awiriwo. Mwana wawo anawanena kuti akuikira kumbuyo mlendo. Mpongozi wawo anawanena kuti analera mwana wouma mutu. Iwo anangolandira zonse, akutsokomola, akupempha madzi, osachoka, kufikira awiriwo atatopa kutukwana mkuluyo n'kuyamba kuyankhulana okha. Powaperekeza kokwerera basi, Chisamba anapepesa mwamanyazi chifukwa cha mawu amene anawanenera. Mkuluyo anaseka.

"Ndi ntchito ya nkhoswe imeneyo, Chisamba. Amalowa woyera, amatuluka wakuda ndi mwaye wa eni ake. Koma nkhoswe sathera m'banja. Ngakhale anga a mumgolo aja, akada sinditaya. Ndimawayala pa lata, ndimawaotcha poyera mpweya ukuwomba, mwaye umapsa, iwo amayeranso n'kubwerera kuntchito."

Tsiku limenelo Chisamba anaipidwa kuti ngakhale pa nkhani ya banja lake bambo ake alowetsapo mgolo. Anayang'ana kumbali, kufuna basi ifike msanga.

"Mzime!" anaitana tsopano. "Mzime, bwera ndi lata!"

Anapala chikhakha chonse mosamala, osasiya ngakhale kambenu, nachiyala pa lata pamwamba pa ng'anjo. Mzime anasonkha moto. Mkazi wa Chisamba anabwera ndi supuni yaitali yachitsulo, maso ali ofiira, napempha kuti wotakasa akhale iye. Mayiwo anafika pomalizira, atafunda jekete la malemuwo ngakhale kunkatentha, naima pakhomo la kashedi.

Kwa nthawi yaitali palibe chinasintha.

"Mwina ndakumbuka molakwa," anatero Chisamba.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Inu mumafuna zonse zichitike ngati kuyatsa getsi."

"Iwe ukanakhala wodekha ukanakwatiwa kalekale."

"Ndinaona mmene alamu akuvutikira, ndinati ine ayi."

Mkazi wa Chisamba anaseka m'misozi yake, akutakasabe. Ndipo m'mphepete mwa lata, pamene moto unali waukali, kuda kuja kunayamba kutha. Kunasanduka kofiirira, kenako kotuwa, kutuwako n'kumalowera pakati pang'onopang'ono monga mmene imvi zimalowera m'mutu wa munthu. Sunali wochuluka ngati wa m'chitini, mwina theka lake, koma unali ufa womwewo.

"Abwerera," anatero mayiwo chapansipansi. "Ankhoswe abwerera."

Ufa utazizira anauthira mumgolo pamodzi ndi mibulu imene malemuwo anasiya, namanga chivindikiro, Mzime akuonetsa mlongo wake kamangidwe ka mabawuti motsutsana kuti mpweya usapeze polowera. Anadzaza thanki ndi madzi, naika botolo kukamwa kwa paipi. Pamene Chisamba ankafuna pokhala, anaona kampando ka miyendo itatu pakona, ndipo poyang'ana pansi anaona chinthu chimene chinamudabwitsa. Kashediko kanali kotsegula m'mbali chakumtunda kuti mphepo izidutsa, ndipo dothi lolimba la pansi linali ndi timaenje ta miyendo ya kampandoko kuzungulira ng'anjo yonse, mbali zonse, ngati mapazi a gule.

"Bwanji sankakhala malo amodzi?" anafunsa.

"Ankatsata mphepo," anayankha Mzime. "Ine ankandikhazika kumene mphepo ikuchokera. Iwo ankakhala kumene ikupita."

"Kufungo? Dala?"

"Chophimba chako chija ankavala pothira ndi popakula, ndipo ankanyadira nacho kwa aliyense wobwera, kuti mwana wanga wachisamba ananditumizira," anatero mayiwo. "Koma moto ukagwira ankakhala kumunsi kwa mphepo, n'kumachitsitsa kanthawi kuti anunkhize. Ankati anthu amati tsoka silinunkha, koma ili limanunkha. Chivindikiro chikayamba kutaya mpweya, mphuno yoyamba kumva ikhale yanga, ndizimitse moto zisanafike kwa ana a eni ake."

Chisamba anayang'ana timaenje tija nthawi yaitali. Tina tinali takuya, ta nyengo ya mphepo ya kum'mwera, tina tosaya. Anaganiza zonena kuti kunali kupusa kumeneko, kuti ndiye ankanena zoona iye, kuti munthu wa chifuwa chotere sakanayenera. Mawuwo anafika pakamwa, koma womuuza panalibe, ndipo anawameza pamodzi ndi misozi imene sinatuluke ngakhale kumanda.

Anapita pamsomali, natenga chophimba chija, nachikoleka m'khosi. Lamba wosokedwayo anamukwana ngati anamuyeza. Ananyowetsa chala, nachikweza. Kenako anagwira amayi ake padzanja, nawatsogolera ku benchi la mbali ya kum'mawa, nauza mkazi wake ndi mlongo wake kuti akhale nawo komweko. Iye ananyamula kampando, nazungulira ng'anjo kupita kumadzulo, ndipo miyendo yake itatu inalowa yokha m'timaenje timene tinali kale pamenepo.

Dontho loyamba linagwa m'botolo dzuwa litapendeka, loyera ngati msozi. Chisamba anaimba foni kuntchito kupempha kuti amuonjezere masiku, ndipo mayi ake sanachoke m'nyumbamo kufikira thovu lomaliza litalowa mumgolo.